Funsani Mmisiri: Mbale za Kavalo, Kabati ya Agogo ndi Simbi ya Tambala

Amene amayankha mafunso anu patsamba lino ndi bambo wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene ntchito yawo ndi yokonza mipando ndi makabati akale.

FUNSO: Bambo, pamene tinkathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, mayi anga anakwirira mbale zawo kuseri kwa nkhokwe. Titabwerera mu 1993 tinazifukula, zina zitasweka. Zatsala zisanu ndi ziwiri, ndi bakuli limodzi la chivundikiro. Zisanu pamodzi ndi bakulilo zili ndi chithunzi chobiriwira cha munthu atakwera kavalo, ndipo kunsi kwake kwalembedwa "Gilman & Cta, Sacavém". Ziwirizo n'zoyera, za mkombero wagolide, kunsi kuli VA. Mayi ankati anapatsidwa ndi dona amene ankamugwirira ntchito, pamene ankachoka mu 1975. Tsopano kwabwera mnyamata wa ku Tete, akuti andipatsa mametikali 3,000 pa zonse. Mwana wanga akukana, akuti amenewa ndi mamiliyoni. Ndimvere ndani? — Mayi wa ku Domwe

YANKHO: Mayi, pepani, mamiliyoni mulibemo. Ndayamba ndi mawu owawa kuti mwana wanu asathamangire kukatenga malata pa ngongole. Koma mnyamata wa ku Teteyonso musamupatse msanga, chifukwa palibe amene amalipira basi kuchoka ku Tete mpaka ku Domwe kudzangochita chifundo.

Mwachita bwino kutembenuza mbalezo. Ambiri amanditumizira chithunzi cha maluwa a pamwamba, chonsecho nkhani yonse imakhala kunsi. Sacavém ndi tauni yoyandikana ndi Lisbon, ndipo kumeneko kunali fakitale ya mbale imene inayamba cha pakati pa zaka za m'ma 1800, n'kudzatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Gilman ndi dzina la banja lachingelezi limene linkaiyendetsa. Wokwera kavaloyo Apwitikizi amamutcha Cavalinho, ndipo ankatuluka wobiriwira ngati wanuyo, wabuluu, wakuda, penanso wofiirira. Sanajambulidwe ndi dzanja ayi. Ankadinda chithunzicho pa pepala lopyapyala, n'kulimata pa mbale isanalowe mu uvuni. Muzungulire mkombero ndi diso pang'onopang'ono, mwina mupeza pamene maluwa sanakumane bwino. Pamenepo ndi pamene pepala linalumikizana. Zinali mbale za tsiku ndi tsiku, zodyera supu ndi bakayawo, ndipo anazipanga zankhaninkhani, moti ku Portugal zikupezekabe m'misika ya zinthu zakale. Chinthu chimene chili ponseponse sichikwera mtengo kwenikweni, ngakhale chikalambe chotani.

Bakulilo ndi nkhani ina. M'nyumba iliyonse chimayamba kusweka ndi chivundikiro, ndiye bakuli limene lidakali ndi chivundikiro chake chenicheni, zogwirira zonse zili bwinobwino, okonda zakale amalifuna kuposa mbale wamba. Ine ndikuona ngati diso la mnyamatayo lili pamenepo, mbalezo akungozitengera limodzi kuti musamutulukire.

VA ndi Vista Alegre, fakitale ya ku Ílhavo, ku Portugal, imene inayamba mu 1824 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Choncho zilembo ziwirizo pazokha sizikutiuza zaka, pakuti mbale yopangidwa chaka chatha ilinso ndi VA. Chimene chimathandiza n'chakuti kalembedwe ka chidindocho kankasintha pakapita zaka, ndipo odziwa amayerekeza ndi mndandanda wa zidindo za fakitaleyo. Jambulani chidindocho pafupi, panja pamthunzi, munditumizire. Pakali pano yesani izi. Nyamulani mbale ya VA muiloze kudzuwa, dzanja lina lili kuseri kwake. Muona mthunzi wa zala zanu. Ya kavaloyo siionetsa kanthu. Kenaka muikhazike pa nsonga za zala n'kuigogoda ndi chikhadabo. Yabwinobwino imalira nthawi yaitali, ya mng'alu wobisika imangoti phwa n'kukhala chete. Wogula aliyense wodziwa adzachita zimenezi pamaso panu, ndiye ndi bwino muyambe mwadziwa nokha.

Potsuka, yalani nsalu pansi pa beseni, madzi akhale ofunda pang'ono, sopo wamba. Phulusa ayi, mchenga ayi, waya wokwechera mapoto ayi. Mkombero wagolidewo ndi wopyapyala kwambiri, mukaukwecha kamodzi wapita. Jiki musayerekeze n'komwe. Mbale za kavalozo zikakalamba zimachita timing'alu tosaoneka bwino pa khungu lonyezimiralo, jiki amalowa m'menemo n'kutsalira, ndipo pakapita nthawi khungulo limayamba kusupuka. Mbale za timing'alu zotere musamaikemonso chakudya chowawasa, pakuti utoto wa mbale zina zakale unkakhala ndi mtovu. Zosweka zija, ngati munasunga mapale, musazimate ndi guluu wouma msanga wa pamsika. Kulungani phale lililonse palokha.

Za kugulitsa, mbale ndi zanu. Mukafuna kutero, tumizani zithunzi kwa ogula angapo, aliyense atchule mtengo wake osadziwa wa mnzake, ndipo bakuli litchulidwe palokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma chinthu chimodzi chitani sabata ino: mwana wanuyo alembe pa pepala dzina la mayi anu, kumene ankagwira ntchito, chaka chimene anakwirira mbalezo ndi chaka chimene munazifukula, pepalalo likhale m'bakulimo. Mbale za kavalo zilipo zambiri, koma zimene zinagona m'nthaka ya ku Domwe kudikira eniake ndi zanuzo.

FUNSO: Achimwene, agogo anga aamuna anandisiyira kabati yaikulu ndi mpando wa msana wautali, pokhalira pake polukidwa. Mnzanga wina akuti mipando yotere inkachokera ku Goa, ku India. Zonse zada, ndipo kumbuyo kwa kabati kuli timabowo totuluka ufa. Ndapeza ntchito mumzinda wa Tete, ndikufuna ndizipale ndi sandipepa, ndipake vanishi, ndisamuke nazo zikuwala. — Bambo wa ku Furancungo

YANKHO: Achimwene, sandipepayo muyambe mwamubweza kusitolo. Ntchito yambiri imene imafika pakhomo panga ndi yokonza zimene anakonza ena, ndipo vanishi wonyezimira pa mlombwa wakale ndiye amandiwawa mtima koposa. Kudako si litsiro lokhalokha. Ndi mtundu umene thabwa limatenga chifukwa cha dzuwa, utsi ndi manja a anthu kwa zaka zambiri, ndipo wogula zakale amalipira mtundu umenewo. Mukaupala, kabati ya agogo idzangofanana ndi imene yakhomedwa dzulo m'mbali mwa msewu.

Mnzanuyo sanangopeka za Goa. Dziko lino Apwitikizi ankalilamulira kudzera ku Goa mpaka 1752, ndipo amalonda a kumeneko anakhazikika m'chigwa cha Zambezi, ku Sena, ku Tete mpaka ku Zumbo. Amene anafikako ku Ilha de Moçambique anaona mipando ndi makama osemedwa a mtundu umenewo m'nyumba ya Palácio de São Paulo. Komatu mipando yambiri yakale imene ndimaigwira kuno inapangidwa konkuno, ndi amisiri athu amene anaphunzira ukalipentala ku mamishoni monga Boroma, potengera maonekedwe a mipando ya azungu. Kwa ine zimenezo sizichepetsa mpando. Mmisiri amene anacheka thabwa ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, n'kulumikiza popanda msomali, ndimamuvulira chipewa.

Kuti mudziwe chimene muli nacho, sololani dirowa muione m'mbali. Mano olumikizira matabwa akakhala osiyana pang'ono kukula kwake, penanso pakuoneka kamzere kamene mmisiri analemba asanacheke, imeneyo ndi ntchito ya manja. Akafanana ndendende onse, ndi makina. Pititsani chikhatho kunsi kwa dirowayo. Mukamva timafunde, m'mene munadutsa puleni ya manja. Onaninso zomangira za mahinjesi: za mzere umodzi pamutu ndi zimene zinkagwira ntchito kale, za mtanda zinafala pambuyo pake, ngakhale kuti mwina wina anangosinthapo. Kumbuyo kukakhala pulayiwudi, mwina kabatiyo si yakale kwenikweni, mwinanso inakonzedwapo.

Mtengo wake muuzindikire pamalo obisika. Mlombwa, umene m'masitolo a matabwa amati umbila, ndi wopepukirapo, wofiirira mosakanikira ndi mizere yagolide. Msambamfumu, chanfuta uja, ndi wolemera, anthu awiri amatuluka nawo thukuta. Mbawa ndi yofiira mofanana paliponse. Mtima wa mlombwa chiswe ndi afumbwe saukonda, n'chifukwa chake ndikuganiza kuti timabowo tanuto tili pa thabwa loyera la kunja kwa mtengo, kapena mmisiri anaika mtengo wina wotchipa kumbuyoko, monga ankachitira ambiri.

Sesani ufawo, muyale pepala lakuda pansi, mudikire masabata awiri. Pakapanda kugwa ufa watsopano, tizilomboto tinachoka kale, mabowowo asiyeni. Ukagwa, gulani mankhwala a afumbwe a matabwa, muthire m'bowo lililonse ndi jakisoni, muli panja, ana ali kutali. Oyilo wakuda wa galimoto, amene ena amapaka pa mitengo ya khola, asayandikire. Akalowa m'thabwa satulukanso. Potsuka, nsalu yonyowa pang'ono ndi sopo, kachigawo kakang'ono, n'kupukuta nthawi yomweyo. Pakauma, pakani phula la njuchi losungunulira mu tapentaini, pang'ono pokha, mawa lake n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka mkono utope.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ulendowo. Furancungo ndi kumtunda, kozizira, kwa chinyezi. Mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mpweya uli gwa. Thabwa limene lazolowera kumtunda likafika kumeneko limauma mofulumira n'kukhwinyata, zitseko zimapotoka, pamwamba pamang'aluka. Ngati n'kotheka musamuke nazo nthawi ya mvula. Pagalimoto muzifunditse mabulangete, osati pulasitiki yakuda, ndipo zikafika zikhale chipinda chamkati, kutali ndi windo ndi khoma lowombedwa dzuwa la masana. Pokhalira polukidwapo muzipukuta kunsi kwake ndi nsalu yonyowa mwa apo ndi apo kuti pasaume n'kuthetheka. Pakadzabooka mudzafune woluka, musadzakhomepo thabwa.

FUNSO: Bambo, ana asukulu anga anatola timapale toyera ta maluwa abuluu ndi mikanda ing'onoing'ono m'munda wina pafupi ndi mtsinje wa Kapoche. Mwini munda akufuna tikumbe, akuti pansi pali mbale zathunthu zoti tigulitse. — Mphunzitsi wa ku Chifunde

YANKHO: Aphunzitsi, khasu libwerere pakhonde. Dera limenelo linali pakati pa ufumu wa Undi, ndipo m'zaka za m'ma 1700 amalonda ochokera ku Tete ankafikako kufuna golide ndi minyanga, atanyamula nsalu ndi mikanda. Mbale za ku China zinkafika kugombe pa zombo, zina n'kukwera ndi Zambezi. Ku Mankhamba, likulu lakale la Kalonga m'boma la Dedza, akatswiri ofukula zakale anapeza mapale a mbale za ku China ndi mikanda yagalasi yambiri. Tsono zanuzo zikhoza kukhala za mtundu umenewo, zikhozanso kukhala za mbale ya m'kantini ya m'ma 1960, pakuti maluwa abuluu anakopedwa ndi mafakitale a dziko lonse lapansi. Pa chithunzi chokha munthu sangalumbire.

Mbale yathunthu m'nthaka ya m'mudzi wakale siipezeka kawirikawiri, pakuti anthu ankataya zosweka. Timapaleto pamsika tilibe mtengo. Phindu lake lili pa malo pamene tagona, kuya kwake, ndiponso mapale a mbiya zathu, makala ndi mafupa amene tagona nawo limodzi. Zimenezo ndizo zimauza akatswiri zaka za mudziwo, ndipo wokumba mwachisawawa amazisokoneza kosabwezeka. Palinso lamulo. Lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988 limateteza chuma cha chikhalidwe cha dziko lino, ndipo zakale za m'nthaka si za mwini munda kuti agulitse kapena kuolotsa malire. Wozipeza ayenera kudziwitsa akuluakulu. Yambani ndi amfumu, kenaka ofesi yoona za chikhalidwe kuboma. Zimene ana atola kale muziike m'kabotolo, mulembe tsiku ndi malo. Mwapezanso phunziro la mbiri loposa la m'buku, anawo apite akaone pamalopo, koma manja kumbuyo.

FUNSO: Agogo, anthu akuzungulira kuno kufuna simbi zakale za makala zokhala ndi tambala patsogolo, ndi makina osokera a Singer. Akuti m'kati mwake muli mekyule wofiira wa ndalama zambiri, koma kuti ayeze yanga ndiyambe ndalipira. — Mnyamata wa ku Zobwe

YANKHO: Mdzukulu wanga, mekyule wofiira kulibe. Ndi bodza lakale limene lazungulira maiko ambiri, ndipo amene amalemera nalo ndi woyezayo. Tambalayo ndi kachitsulo kotsekera chivundikiro kuti makala asakhuthukire pa malaya, basi. Simbi zoterozo ena amazigula zokongoletsera m'nyumba, pa mtengo wa simbi. Makina a Singer ali ndi nambala yodindidwa pa thupi lake imene imasonyeza chaka chimene anapangidwa, ndipo akakhala athunthu amasokabe bwino kwambiri. Ndaona makina abwinobwino ataphwanyidwa ndi hamala pofuna mekyuleyo, mwini wake n'kutsala ndi zitsulo zogulitsa pa sikelo. Ako uwathire mafuta, ugule lamba watsopano, upite nawo pakhonde la sitolo. Mayunifolomu a sukulu akufuna wosoka.