Nyimbo ikumveka motsika m'minibasi: yankho kwa wojambula wa ku Kamwendo

Mnyamata wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, wandilembera pa imelo. Ali ndi kasitudiyo m'chipinda cha kuseri kwa nyumba: laputopu ya FL Studio (pulogalamu yopangira nyimbo), maikolofoni imodzi, mahedifoni ndi masipika awiri a wailesi ya m'nyumba. Akuti nyimbo akaimaliza imamveka bwino m'chipindamo, koma akaipereka kwa owotcha nyimbo n'kudzaimva m'minibasi ya ku Lilongwe itatsatana ndi za ku Zambia, yake imamveka motsika, yotsekeka ngati ikuimbidwa m'mbiya. Akakankha limiter, chida cha mu pulogalamuyo chimene amakwezera nyimbo, mawu amang'ambika. Anzake amuuza kuti chinsinsi ndi Ozone, pulogalamu yomalizira nyimbo, ndiye akufunsa ngati aisake.

Achimwene, zikomo polemba. Ozone ya kampani ya iZotope ndi chida chabwino ndithu, koma si imene ichiritse nyimbo yanuyi. Malinga ndi mmene mwafotokozera, vuto lili mu mix (kasakanizidwe ka mawu ndi zida), makamaka pa besi, ndipo mastering (ntchito yomaliza yosalaza ndi kukweza nyimbo yonse) ikungoliika poyera.

Limiter ntchito yake ndi kugwira nsonga za mawu kuti zisapyole denga limene mwaiikira. Chimene chimagunda dengalo msanga ndi kick (ng'oma yaikulu) ndi 808 (besi yakuya ya pa kompyuta), chifukwa mawu apansi a pakati pa 40 ndi 80 Hz (muyeso wa mawu: nambala ikachepa ndiye kuti mawu ndi apansi) amadya malo ambiri ngakhale khutu siliwamva mokweza. Masipika anu a wailesiwo sangawatulutse bwino, ndiye inu mumangowonjezera besi poganiza kuti yachepa. Nyimbo ikafika pa master, tchanelo chimene mawu onse amakumanira, limiter imalimbana ndi besi yonseyo, ndipo nthawi iliyonse kick ikagunda imafinyira pansi woimba, magitala ndi zonse pamodzi. Pa mita nyimbo yadzaza, koma gawo limene khutu limamvera kukwera kwa nyimbo lamira.

Chipinda nachonso chimakunamizani. Makoma a pulasitala opanda kanthu, simenti pansi, malata pamwamba: mawu amangobwerera uku ndi uku. Yesani izi lero lomwe. Lizani nyimbo ya besi yambiri, imani pakona ya chipinda, kenako muyende pang'onopang'ono kufika pakati. Mumva besi ikuchuluka pakona, penapake n'kuzimirira. Ngati tebulo lanu lili pakona, lichotsenipo. Masipika akhale pa msinkhu wa makutu, atalikirane mofanana ndi mtunda umene ulipo kuchoka pa sipika iliyonse kufika pamutu panu. Matireyi a mazira amene ambiri timakhoma pakhoma sagwira besi ngakhale pang'ono. Matiresi wokhuthala woimika kumbuyo kwanu ndi mabulangete opindapinda m'mbali amathandiza kuposa iwo.

Tsono bwererani ku mix. Pa mawu a woimba, gitala ndi kiyibodi dulani zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz, malowo asiyireni kick ndi besi. Ziwirizi nazo zisamalimbirane: ikani sidechain kuti 808 izipatuka pang'ono kick ikagunda. Ndipo m'malo moikweza 808, ipatseni saturation pang'ono. Imeneyi imabala mawu ena apamwamba amene sipika ya foni imakwanitsa kutulutsa, ndiye besi imamveka popanda kudya malo. Chotsani chilichonse pa master, kuphatikizapo Fruity Limiter imene ma template ena a FL Studio amabwera nayo kale. Nsonga zizifika cha pa -6 dB (dB ndi muyeso wa voliyumu, ndipo 0 ndiye denga), ndipo mutulutse WAV, fayilo yosafinyidwa, ya 24-bit. Mukatero gonani kaye. Makutu amene amva biti imodzimodzi tsiku lonse sangaweruze kanthu.

M'mawa tsegulani pulojekiti yatsopano. Nyimbo yanu ikhale pa tchanelo choyamba ndi ma plugin ake (timapulogalamu tokonzera mawu) pomwepo, nyimbo ya ku Zambia imene mukuisirira ija pa chachiwiri, master ikhale yopanda kanthu. Apa ndi pamene ndikufuna mugwiritsitse: itsitseni ya ku Zambiayo mpaka zifanane kukwera pakhutu, ndiye muziyerekeza. Chokwera chimamveka chokoma nthawi zonse, ngakhale chitawonongeka, ndipo ambiri amasangalala ndi plugin imene yangowakwezera voliyumu basi. Zikafanana, mvetserani chinthu chimodzi pa nthawi. Besi yawo ikulekezera pati? Woimba wawo ali patsogolo motani? Voxengo SPAN, yomwe ndi yaulere, ikuonetsani ndi maso zimene masipika anu akubisa, ndipo ndikhulupirira mupeza phiri kumanzere kwa chithunzi cha nyimbo yanu, kumene kumakhala besi.

Ma plugin a mastering safunika ambiri. Yambani ndi EQ, chida chodulira kapena kuwonjezera mbali zina za mawu, kaya Fruity Parametric EQ 2 kaya TDR Nova yaulere: dulani za pansi pa 30 Hz, ndipo ngati nyimbo ili ndi matope cha pa 200 mpaka 400 Hz, tsitsani ndi 1 kapena 2 dB. Mukaona kuti mukufuna kudula 5 dB, dziwani kuti ntchitoyo ndi ya mu mix. Compressor, chida chofinya mawu akakwera, ikhale yofatsa, 2:1, attack (nthawi imene imatenga kuti igwire) yochedwa cha pa 30 ms kuti kick idutse, izifinya 1 kapena 2 dB yokha. Fruity Soft Clipper ikhoza kumeta nsonga za kick ndi snare zisanafike pa limiter. Pomaliza limiter, kaya ya FL Studio kaya LoudMax yaulere, denga pa -1 dB, chifukwa nyimbo ikamasandutsidwa MP3 nsonga zimakwererako. Ikamafinya kupitirira 3 kapena 4 dB, yambani kukayika. Zonsezi zili kale mu FL Studio kapena muzipeza popanda kulipira, ndiye palibe chifukwa choikira laputopu yanu pa ngozi ya ma virus ndi ma plugin obedwa.

Za kukwera, ikani Youlean Loudness Meter kumapeto. Spotify imatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kufika cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa nyimbo yonse; nambala ikayandikira 0 nyimbo yakwera), YouTube nayonso chapomwepo, choncho kumeneko kufinya mopyola sikupindula kanthu. Koma fulashi ya kondakitala ndi memori khadi ya m'foni sizifananitsa chilichonse, ndipo omvera anu ambiri ali kumeneko. Ine ndimaona kuti nyimbo yovina ikafika pa -10 kapena -9 LUFS ili bwino, bola kick ikugundabe. Ya kwaya musaifikitse kumeneko. Isiyeni cha pa -14 kuti pamene oimba atsitsa mawu pazimveka kuti atsitsa.

Fayilo yopita ku wailesi ngati Mudzi Wathu ikhale WAV kapena MP3 ya 320 kbps, yochokera ku WAV yeniyeni, osati MP3 yosandutsidwa kawiri. Pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti ifike mmene ilili.

Musanaibalalitse, imvereni pa sipika ya foni, pa kasipika ka Bluetooth ka pa golosale, komanso mu mono (mawu a kumanzere ndi kumanja ataphatikizidwa), popeza zambiri mwa izi zili ndi sipika imodzi. Pemphani dalaivala wina pa siteji akulizireni galimoto ikudikira kudzaza, inu mukhale mpando wakumbuyo, mulembe zimene mwamva. Ngati besi ikuphimbabe woimba, limiter musaikhudze. Tsegulani mix, tsitsani 808 ndi 2 dB, mutulutsenso WAV.