Kodi ndikachita DNP ndidzakhala dokotala? Yankho kwa namwino mnzanga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino mnzathu amene akugwira ntchito pa chipatala china cha boma kwathu ku Malawi. Dzina sinditchula, koma wandilola kuti ndimuyankhe poyera, chifukwa funso lakeli ndafunsidwapo kangapo. Mwachidule analemba motere:

"Ndili ndi digiri ya unamwino ndi uzamba, ndagwira ntchito zaka 7, zambiri mwa izo ku mateniti. Msuweni wanga wa ku America akuti ndichite DNP, akuti ndi udokotala wa anamwino ndipo ndikhoza kuphunzira pa intaneti ndili konkuno. Kodi ndi zoona? Ndikamaliza ndidzakhala dokotala? Nanga ikusiyana bwanji ndi PhD?"

Achemwali, zikomo polemba. Msuweni wanu sananame, kungoti wakuuzani theka la nkhani. Ine digiri imeneyi ndinaichita kuno ku Indiana ndipo sindinong'oneza bondo. Koma DNP, imene dzina lake lonse ndi Doctor of Nursing Practice, ili ngati suti yomwe telala anasoka atayeza munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi namwino wokhala ndi laisensi ya ku America, wogwira ntchito m'chipatala cha ku America. Wina akhoza kuivala, koma mapewa amaulula kuti ndi yobwereka.

Inachokera kuti? Mu 1965, ku yunivesite ya Colorado, namwino Loretta Ford ndi dokotala wa ana Henry Silver anayambitsa maphunziro oti namwino aziyeza yekha wodwala, kupeza matenda ndi kupereka chithandizo, chifukwa m'madera akumidzi madokotala ankasowa. Namwino wotereyu kuno amati nurse practitioner. Vuto lomweli ifenso tinali nalo, koma kwathu tinadzera njira ina: tinaphunzitsa ma clinical officer ndi ma medical assistant. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Kwa zaka zambiri masters inali yokwanira. Mu 2001 yunivesite ya Kentucky inatsegula DNP, ndipo mu 2004 bungwe la masukulu a unamwino la AACN linagwirizana kuti pofika 2015 anamwino onse a ukadaulo wapamwamba azikhala ndi digiri imeneyi. Chaka cha 2015 chinafika, chinapita. Mpaka lero munthu wa masters amalemba mayeso a nurse practitioner kapena a uzamba popanda womuletsa. Amene anachitadi zomwe zinanenedwa ndi anamwino ogonetsa odwala ku fiyeta: kuyambira 2022 aliyense wolowa maphunziro amenewo amalowa a udokotala basi. Ndiye wina akadzakuuzani kuti popanda DNP simungakhale nurse practitioner, dziwani kuti akutsatsa malonda.

Woyambira pa digiri yoyamba ngati inu amatenga zaka 3 kapena 4 ngati sakugwira ntchito ina yambiri. Amene ali kale ndi masters amatha m'zaka ziwiri, ena kucheperapo. Poyamba mumalimbana ndi maphunziro atatu amene kuno timawatcha ma P atatu: mmene matenda amagwirira m'thupi, mankhwala, ndi kuyeza wodwala kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Pamwamba pake pali masamu a kafukufuku, malamulo a zaumoyo, utsogoleri, ndi kayendetsedwe ka ndalama za chipatala. Zambiri mwa izi zimakhaladi pa intaneti, ndipo apa ndi pomwe msuweni wanu akunena zoona.

Chimene sichili pa intaneti ndi maola. Ndondomeko ya AACN ya 2006 inaika maola osachepera 1,000 a ntchito yoyang'aniridwa, kuwerengera kuchokera pamene munthu anamaliza digiri yoyamba. Maola a kwa odwala mumawagwira pansi pa preceptor, ndiye kuti nurse practitioner kapena dokotala amene wavomera kuti muziona odwala ake iye akuyang'anira. Sukulu yanga inatiuza kuti aliyense adzipezere yekha. Ndinkaweruka 7 koloko m'mawa nditagwira naiti ya maola 12, n'kukhala m'galimoto panja pa chipatala, sinowo ali mbuu pagalasi, kope lili pabondo, kudikira kuti makiliniki atsegule ndiyambe kuimba. "Tili naye kale wophunzira." "Yesani chaka chamawa." Ena ankandibwerezetsa dzina katatu, n'kulonjeza kuti andiimbira, basi zii. Kope lija ndikadali nalo, masamba awiri odzaza mayina okhwatchidwa. Amene anadzandilandira anali mayi wina wachikulire pa kiliniki yothandiza anthu opanda inshuwalansi, mtunda wa ola lathunthu pagalimoto. Tsiku loyamba anandipatsa kounikira m'makutu n'kundiuza kuti ndisatchule matenda a khutu ndisanaone makutu abwinobwino ambirimbiri. Usiku, ana atagona, ndinkalowetsa mu kompyuta wodwala aliyense amene ndamuona tsikulo, zaka zake, matenda ake, mphindi zimene ndinakhala naye. Ola losalembedwa ndi ola losagwiridwa. Walira mvula walira matope.

Tsono kumapeto kuli pulojekiti, ndipo apa ndi pamene DNP imasiyana ndi PhD. Wa PhD amafunsa funso limene palibe analiyankhapo, amafufuza zaka zingapo, n'kutulutsa nzeru yatsopano. Wa DNP amatenga zimene ofufuza anapeza kale n'kuzigwiritsa ntchito pamalo amodzi enieni, kenako n'kuyeza ngati zasintha kanthu. Yanga inali ya BP. Aliyense amadziwa kuti wodwala ayambe wakhala pansi mphindi 5, mapazi ali pansi, lamba wa pamkono akhale womukwana, ndipo nambala ikakwera muyezenso. Pa kiliniki ija zimenezi sizinkachitika. Munthu ankangolowa ali wefuwefu kuchokera pa basi, lamba pamkono, nambala yalembedwa, mankhwala awonjezeredwa. Nditafufuza ndinapeza kuti malamba aakulu analipo, koma anali mu kabati ya m'chipinda chakumapeto imene kiyi wake ankasunga munthu mmodzi. Sayansi sinandivute ngakhale pang'ono. Chinandithetsa nzeru n'kunyengerera anthu otopa kale kuti awonjezere mphindi 5 pa wodwala aliyense pamzere wautali. Ndinagula timawotchi ta kukhitchini n'kuika chipinda chilichonse, ndinapempha kuti kabati ija isamakhomedwe, ndipo mwezi uliwonse ndinkapachika pakhoma pepala losonyeza kuti tayezanso angati. Pamapeto ndinalemba lipoti lalitali n'kukaliteteza pamaso pa aphunzitsi.

Mukuseka, ndikudziwa, chifukwa inu mumalimbana ndi zomwezi pa partograph, pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera, yosadzazidwa ku leba wodi. Ndi zimenezotu. Ntchito ya DNP ndi imeneyo, kungoti imachitika mwadongosolo, ndi manambala, ndi chilolezo cha komiti.

Za udokotala. Inde, mudzakhala dokotala wa maphunziro, monga mmene alili mphunzitsi wa mbiri yakale wokhala ndi PhD. Dokotala wa mankhwala ayi. Mphamvu yoyeza odwala ndi kulemba mankhwala sichokera ku digiri, imachokera ku laisensi, ndipo boma lililonse (state) la kuno, monga Indiana, lili ndi malamulo ake. Maboma oposa theka amalola nurse practitioner kugwira ntchito payekha. Kuno ku Indiana ndimalemba mankhwala chifukwa ndili ndi pangano losainirana ndi dokotala. Mnzanga wa masters amene timagawana naye odwala analemba mayeso omwewo, amachita zonse zimene ndimachita ine, ndipo m'zipatala zambiri malipiro sasiyana kwenikweni. Ngakhale dzinalo n'lofunika kusamala nalo: mu 2022 ku California namwino wina wokhala ndi DNP analipitsidwa pafupifupi madola 20,000 chifukwa chodzitchula dokotala kwa odwala ndi pa intaneti. Ine m'chipinda cha odwala ndimanena dzina langa ndi kuti ndine nurse practitioner, basi. Amayi anga okha ndi amene sindinawagonjetse. Ku mvano analengeza kalekale kuti mwana wawo ndi dokotala ku America, ndipo ndikapita kumudzi ndimapeza anthu akundidikira pakhonde ndi mabuku awo a kuchipatala.

Nanga zophunzira muli konko? Mbali ya nurse practitioner kapena ya uzamba simungathe, chifukwa maola aja amafuna laisensi ya unamwino ya boma limene mukuonerako odwala. Kuti muipeze, mapepala anu a kusukulu ndi a ku Nurses and Midwives Council of Malawi amayamba aunikidwa, kawirikawiri ndi bungwe la CGFNS (tsopano limatchedwa TruMerit), maboma ena amafunanso mayeso a Chingerezi, kenako mulembe mayeso a laisensi ya unamwino otchedwa NCLEX, amene anzathu ambiri amakalembera ku Johannesburg. Mukati mubwere ngati wophunzira, pali chopinga china: viza ya F-1 imangowerengera phunziro limodzi la pa intaneti pa teremu, choncho sukulu zimene DNP yake ndi ya pa intaneti nthawi zambiri sizipereka pepala la I-20 lofunsira vizayo. Ndiye ndalama. Fizi yonse imafika madola masauzande makumi angapo, ndipo ambiri amalipira okha, kapena ndi ngongole, kapena abwana awo kuntchito amawathandizako. PhD ya unamwino m'mayunivesite akuluakulu a kuno nthawi zambiri imabwera ndi fizi yolipiridwa komanso kandalama ka pamwezi. DNP sichoncho.

Ilipo DNP ina ya utsogoleri, yopanda kuona odwala, imene kawirikawiri ndi ya anthu amene ali kale ndi masters. Imeneyo ndiye ili pafupi ndi zimene msuweni wanu akunena. Koma inu masters mulibe, ndipo ngakhale mukanakhala nayo ndikanakufunsani kuti mukugula chiyani ndi ndalama zimenezo.

Pali chinthu chinanso chowawa chimene muyenera kudziwa inu ngati mzamba. Satifiketi yanu ya uzamba siwoloka nanu nyanja. Kuno namwino amakhala mzamba akamaliza masters kapena DNP ya uzamba pa sukulu yovomerezeka ya konkuno n'kukhoza mayeso a bungwe la AMCB. Ndinagwirapo ntchito ndi mayi wina wochokera kwathu ku Africa amene anachiritsa amayi osawerengeka, mapasa, ana odza ndi matako, magetsi atazima tochi ili kukamwa. Kuno ntchito yake inali kuyang'anira makina omvera mtima wa mwana ndi kuitana dokotala mutu ukaonekera. Ankangopinda manja kumbuyo kuti asayiwale n'kulandira mwanayo.

Tibwerere ku mfundo ija ndinati muisunge. Kwathu mpando umene kuno amakhalapo nurse practitioner anakhalapo kale ma clinical officer, ndipo malire a ntchito ya namwino amaikidwa ndi Council, osati ndi yunivesite ya kunja. DNP simungaitenge n'kupita nayo kwa DHO kuti kuyambira lero muziona odwala ku OPD mwa mphamvu yake. Chodabwitsa n'chakuti anamwino athu ntchitoyo akuigwira kale. Malawi ndi amene anayambitsa Option B+ mu 2011, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV moyo wake wonse, ndipo amene anainyamula m'ma health centre ndi anamwino. Ku Botswana anazindikira kale zimenezi, akhala akuphunzitsa ma family nurse practitioner kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Chimene chikufunika kwathu ndi maphunziro athu a ukadaulo, mipando yake m'boma, ndi malamulo owateteza anamwinowo. Olemba maphunziro oterowo ndi kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira, mayunivesite amawafuna ali ndi PhD.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati mtima wanu uli wokhala ku Malawi, chitani masters ya uzamba kapena ya uchembere wabwino, ndipo ngati kafukufuku akukomerani pitirizani PhD. Kamuzu College of Nursing, imene inatsegulidwa mu 1979 ndipo kuyambira 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ili ndi maphunziro a masters ndi PhD, ndipo ku South Africa mayunivesite aliponso ambiri. Luso lokonza kagwiridwe ka ntchito mu wodi mukhoza kuyamba kulinola mawa lomwe ndi ma partograph a mwezi watha ndi kope la masamu. Koma ngati mwatsimikiza zosamukira kuno, DNP ikhale yomalizira. Yambani ndi mapepala, NCLEX, ntchito, mugwire chaka kapena ziwiri mudziwe mankhwala a kuno ndi mayina ake, makompyuta ake, ndi inshuwalansi imene imalamulira chilichonse. Nthawi imeneyo mudzakhala mutadziwa madokotala ndi ma nurse practitioner oti mudzawapemphe u-preceptor, ndipo mwina chipatala chanu chidzakulipirirani gawo la fizi.

Msuweni wanuyo mumupemphe akutumizireni dzina la sukulu imene akunenayo. Musanalipire ngakhale ndalama ya fomu, alembereni imelo muwafunse ngati amalandira munthu wopanda laisensi ya ku America, ngati preceptor amapeza ndi iwo kapena wophunzira, komanso ngati ali ovomerezedwa ndi bungwe lounika masukulu a unamwino la CCNE kapena la ACEN, kapena ACME ngati ndi ya uzamba. Akakuyankhani munditumizire, tidzawerengere limodzi.