Panelo ya sola ikugwedezeka pa fulemu: wolakwa ndi foni kapena wowotcherera?

Funso: Ndimakhala ku Matawale, ku Zomba. Ndagula mapanelo awiri a sola, ndipo wowotcherera wandipangira fulemu ya zitsulo ziwiri zopendekeka zogonekapo mapanelowo. Koma ndikagoneka panelo, kona imodzi imatsala m'mwamba. Ndayeza kupendekeka kwa zitsulozo ndi levulo ya mufoni: chitsulo china chikuonetsa madigiri 15, chinzake 17. Kodi ikunama ndi foni, kapena fulemuyo ndi yopotoka? Nanga madigiri oyenera kuno ndi angati?

Yankho: Achimwene, musanapite kukakalipira mmisiri, yambani mwaiyesa foniyo. Ivuleni kava, ndipo samalani ndi kamera yotumphuka kumbuyo chifukwa imaipendeketsa. Igonekeni pachitsulo, werengani nambala, kenako itembenuzeni pamalo omwewo kuti mutu uloze komwe kunali kumunsi. Manambala awiriwo akasiyana, zoona zili pakati pawo.

Komabe ine pa ntchito ngati iyi ndimadalira tepi. Ikani fulemu pa simenti yosapendekeka. Kuchokera pamene chitsulo chayambira, yezani mita imodzi motsata pansi, ndiye muone kuti pofika pamenepo chitsulo chakwera masentimita angati. Madigiri 15 amakweza chitsulo pafupifupi masentimita 27 pa mita iliyonse, pomwe madigiri 17 amachikweza pafupifupi 31. Ndiye ngati foni yanena zoona, zitsulo zanu zikusiyana masentimita 4 pa mita iliyonse. Madigiri awiri amaoneka ochepa pafoni, koma kona yotsala m'mwambayo ikuchokera pamenepo.

Zitsulo ziwiri zoyenda limodzi osakumana zimapendekeka mofanana, ndipo chitsulo chopingasa chikadutsa pa zonse ziwiri chimapanga ngodya yofanana uku ndi uku. Ikani sikweya, chida choyezera kona ya madigiri 90, pamene chopingasacho chakumana ndi chitsulo choyamba, muikenso pa chachiwiri. Kwina ikakhala bwino kwina n'kusiya mpata, zitsulozo zikutasa kapena zikupanana. Apa ambiri amapusitsika: zitsulo zingathe kuonetsa madigiri 15 zonse ziwiri koma mpata wake kumtunda n'kukhala waukulu kuposa kumunsi, ndipo foni siingakuuzeni zimenezo. Yezani mpatawo kumtunda ndi kumunsi. Yezaninso modutsa, kuchokera kona ya kumanzere kumunsi kukafika ya kumanja kumtunda, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi izifanana. Ngati mulibe sikweya, lembani masentimita 60 pachitsulo chimodzi ndi 80 pa chinzake kuchokera pakona. Pakati pa zizindikiro ziwirizo pakakwana 100, konayo ndi ya madigiri 90.

Chonde musakanikize kona yotsalayo ndi bawuti kuti igone. Panelo ikapotozedwa, timaselo ta mkati timang'aluka mosaoneka, magetsi n'kuyamba kuchepa pang'onopang'ono. Mmisiri adule mwendo wakumbuyo wotalikawo n'kuwotcherera bwino. Mawashala ndi a kampata kakang'ono, osati masentimita 4.

Za madigiri oyenera: Zomba ili pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa ikweta, choncho panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri 15 kapena kuposerapo pang'ono. Mu Disembala dzuwa la masana limakhala pafupifupi paliwombo, koma mu Juni limatsikira kumpoto, madigiri pafupifupi 51 kuchokera pansi. Nthawi imeneyi ndi ya chiperoninso, pamene batire imavuta kudzaza, n'chifukwa chake ine sindidandaula munthu akafika pa 20. Chimene ndimakana ndi kuigoneka pansi pa madigiri 10, chifukwa fumbi ndi ndowe za mbalame sizitsukika ndi mvula.

Pofuna kumpoto ndi kampasi ya mufoni, imani patali ndi malata komanso fulemuyo, chifukwa chitsulo chimaisokoneza. Mukapeza kumpoto, kokani chingwe pansi, ndiye mubweretse fulemu motsata chingwecho.