Alakatuli achikazi m'timagazini ta ku America

Funso: Akonzi, ndinamva kuti timagazini ta ndakatulo timene alembi ankasindikiza okha ku America m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 tinkalandira aliyense. Nanga n'chifukwa chiyani mayina a amayi amasowa m'menemo? Mphunzitsi, Zomba.

Yankho: Aphunzitsi, mwayiwo unkafikira makamaka amuna. M'buku la The New American Poetry, limene Donald Allen anasonkhanitsa mu 1960, munali alakatuli 44, koma amayi anali anayi okha: Helen Adam, Madeline Gleason, Barbara Guest ndi Denise Levertov. Akonzi ambiri ankasankha ndakatulo za anzawo ocheza nawo, ndipo magulu amenewo anali odzaza ndi amuna.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amayi ndiwo ankasenza ntchito yolemetsa yotayipa, kukonza masamba ndi kutumiza timagazinito. Hettie Jones anayambitsa magazini ya Yugen mu 1958 pamodzi ndi mwamuna wake, LeRoi Jones, koma amene anatchuka panthawiyo ndi mwamunayo. Potopa ndi kudikira, amayi anayamba kudzisindikizira okha: mlakatuli Alta anakhazikitsa kampani yosindikiza mabuku ya Shameless Hussy Press ku California mu 1969, ndipo Kathleen Fraser anayambitsa magazini ya HOW(ever) mu 1983.