Madziwo musawawiritse, achemwali

Achemwali a ku North Carolina, mwati mwalandira kalata yoti madzi a pampopi panu ali ndi PFAS, ndiye mukufunsa ngati kuwiritsa kungathandize kapena mugule sefa ya cyclodextrin yomwe mwaiona pa intaneti. Poto uja muiwale kaye. Kwathu madzi akakayikitsa timawiritsa kapena kuthiramo WaterGuard, ndipo pa kolera zimagwiradi. Koma PFAS si tizilombo. Ndi mankhwala a m'mafakitale, amene amaika mu thovu lozimitsira moto ndi pa nsalu zosalowa madzi. Kaboni ndi fluorine za m'kati mwake zinagwirana zolimba moti moto wa pachitofu sungazilekanitse. Mukawiritsa, chimene chimauluka ndi madzi, mankhwalawo n'kutsala m'poto momwemo.

Sefa ya cyclodextrin si chinyengo ayi. Cyclodextrin ndi shuga wochokera ku sitachi ya chimanga, wozungulira ngati kamphete, ndipo mtundu wa beta uli ndi timagawo 7 ta gulukosi. Pakati pake pali kabowo kosagwirizana ndi madzi. Mchira wa PFAS nawonso umathawa madzi, ndiye umalowa m'kabowomo n'kukodwa ngati nsomba mu mono. Wasayansi wa ku America William Dichtel ndi anzake ndi amene mu 2016 analumikiza timphete timeneti kukhala ufa woti n'kusefera madzi, ndipo kampani ya Cyclopure imaugulitsa pa dzina la DEXSORB.

Komabe ine ndingayambe ndi kalatayo. Onani manambala: mu 2024 bungwe la boma la America loteteza chilengedwe, EPA, linaika malire a PFOA ndi PFOS, mitundu iwiri ya PFAS, pa nanogram 4 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Onaninso dzina la mankhwalawo. Ngati muli kumbali ya mtsinje wa Cape Fear, kumene GenX, mtundu wina wa PFAS wa mchira waufupi, inadziwika mu 2017, samalani ndi sefa za makala wamba, chifukwa PFAS za mchira waufupi zimadutsa makala msanga.

Ngati nyumbayo ndi yanu, ikitsani pansi pa sinki sefa ya reverse osmosis, yomwe imakankha madzi kuti adutse pa kachikopa kosefa, ya chidindo cha NSF/ANSI 58 chosonyeza kuti inayesedwa. Ngati ndi ya lendi, jagi ya sefa ingathandize, kaya ya cyclodextrin kaya ya makala (ngati vuto si GenX), bola pabokosi palembedwe NSF/ANSI 53 komanso kuti inayesedwa pa PFOA ndi PFOS. Osaumira posintha katiriji, kachosefera ka m'kati mwa jagimo, mono ukadzaza nsomba zina zimangodutsa. Tsiku losinthalo lilembeni ndi maka pa jagi pomwepo, ndipo ngati kuli khanda, madzi osungunulira mkaka wake ndiwo ayambe kudutsa mu sefayo.