Funsani za Makina: FIFA Inapita Kuti, ndi Mafunso Ena a Owerenga

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndili ndi kashopu ka magemu komwe anyamata amabwera kudzasewera mpira pa PlayStation 4, ndipo amalipira pa masewero aliwonse. M'kashopumo muli mkangano wosatha. Ena akuti gemu yolembedwa FC ndi yachinyengo chifukwa yeniyeni imalembedwa FIFA, pomwe ena akuti ndisiye zonsezi ndiike eFootball poti ndi yaulere. Kodi FIFA inapita kuti, nanga ndiike iti? — Mwini kashopu, Ndirande, Blantyre

YANKHO: Bambo, auzeni anyamatawo kuti mitima ikhale m'malo, chifukwa FC ndi FIFA yomwe ija, yangosintha dzina ngati mnyamata amene wangotuluka kusimba. Gemuyi imapangidwa ndi kampani ya ku America ya Electronic Arts, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la EA Sports, ndipo yoyamba yokhala ndi dzina la FIFA inatuluka m'chaka cha 1993. Dzinalo silinali la kampaniyi. Linali la bungwe loyendetsa mpira padziko lonse lomwe likulu lake lili ku Zurich, ndipo kampaniyi inkalipira ndalama zankhaninkhani kuti iziliika pachikuto. Itakwana nthawi yokambirana mgwirizano watsopano, mbali ziwirizi sizinamvane. Nyuzipepala ya New York Times inalemba mu 2021 kuti bungwelo linkafuna ndalama zoposa madola 1 biliyoni pa zaka zinayi zilizonse. Mu Meyi 2022 zinalengezedwa kuti banja latha, FIFA 23 inakhala yotsiriza, ndipo pa 29 Sepitembala 2023 kunatuluka EA Sports FC 24.

Anyamata ambiri amaganiza kuti dzinalo litachoka, matimu nawonso anachoka, koma bungwe la FIFA silinakhalepo mwini wa Arsenal, Real Madrid kapena nkhope za osewera. Zimenezi zili ndi mapangano akeake amene kampaniyi inasainirana ndi Premier League, La Liga, Bundesliga, bungwe la UEFA pa mpikisano wa Champions League, komanso FIFPRO, lomwe ndi bungwe loimira osewera. Mapanganowo sanakhudzidwe, choncho chimene chinatayika ndi zilembo zinayi za pachikuto ndi ufulu wa mpikisano wa World Cup. Ine chimandiwawa ndi chachiwirichi, chifukwa magemu apadera a World Cup ndi amene ankatikumbukirako ife a mayiko amene ligi yathu sipezeka m'magemu oterewa. Ya mu 2010, ya mpikisano wa ku South Africa, inali ndi matimu 199 a mayiko amene anachita nawo ndime yachipulula, ndipo munthu ankatha kusankha Flames n'kuiyendetsa mpaka ndime yotsiriza, m'chaka chomwecho chimene Flames yeniyeniyo inathambitsa Algeria 3-0 ku Angola.

Tsono za eFootball. Iyi ndi ya kampani ya Konami ya ku Japan, ndipo ndi mdzukulu wa Pro Evolution Soccer, imene tonse tinkangoitchula kuti PES m'masiku a PlayStation 2. Amene anaisewera akukumbukira kuti matimu ena ankabwera ndi maina achilendo monga Man Red, Man Blue ndi North London, chifukwa Konami inalibe chilolezo cha maina enieniwo. Zinatembenukapo mu FIFA 20, pamene Juventus inalembedwa kuti Piemonte Calcio poti ulendo umenewo chilolezo chinali m'manja mwa Konami. Mu 2021 kampaniyi inasiya dzina la PES, n'kutulutsa eFootball yaulere, koma inatuluka yosapsa, nkhope za osewera zili zopindikapindika moti dziko lonse linaseka pa intaneti. Aikonza kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo pafoni ndi gemu yabwino ndithu.

Koma pa bizinesi yanu ine ndinganene kuti mukhalebe ndi FC. Gemu ya eFootball inamangidwa poganizira munthu amene ali pa intaneti nthawi zonse, akumanga timu yake pang'onopang'ono, ndipo imafuna kukonzedwa pafupipafupi ndi mafayilo amene amadya bandulo mopanda chisoni. Makasitomala anu safuna zimenezo. Iwo amafuna kukhala pabenchi limodzi, wina atenge Chelsea wina atenge Liverpool, amalizitse masewero magetsi asanathime. Simuyeneranso kugula yatsopano chaka chilichonse, chifukwa zatsopano zambiri za kayendedwe ka osewera zimapita ku PlayStation 5, pomwe ya PlayStation 4 imasintha kwenikweni mayunifolomu ndi mndandanda wa osewera. Chenjezo langa lili pa gawo la Ultimate Team, momwe munthu amagula maphukusi a osewera osadziwa chimene chili m'katimo. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti kugula kotere ndi juga, ndipo kumayambiriro kwa 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira maphukusiwo m'dzikolo. Musasiye nambala ya khadi lanu la kubanki m'makina amene ana amawagwira tsiku lonse.

FUNSO: A Mkonzi, ndimagulitsa zitenje ndi nsapato, ndipo maoda anga ambiri amabwera pa WhatsApp. Anzanga kumsika akundiuza kuti ndiike GB WhatsApp chifukwa imabisa kuti uli pa intaneti, imalola manambala awiri pafoni imodzi, komanso imaonetsa mauthenga amene munthu wafufuta. Kodi ndi yabwino? — Mayi wa bizinesi, Mzuzu

YANKHO: Mayi, musaiike, ndipo ndifotokoza chifukwa chake kuti mukathe kuwayankha anzanuwo. GB WhatsApp sinapangidwe ndi Meta, kampani imene inagula WhatsApp mu 2014 ikadali ndi dzina la Facebook. Pali anthu osadziwika amene amatenga pulogalamu yeniyeniyo, kuiphwasula, kuonjezeramo zawo, n'kuiika pa intaneti, ndipo n'chifukwa chake simungaipeze pa Play Store koma anthu amangotumizirana ngati fayilo ya APK. Kuyambira mu 2016, uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umakhomedwa loko ukamachoka pafoni ya wotumiza ndipo umatsegulidwa pafoni ya wolandira yekha. Lokoyo amateteza uthenga uli panjira. Ukafika m'foni mwanu, imene imautsegula ndi pulogalamu, ndipo ngati pulogalamuyo inadutsa m'manja mwa munthu amene simukumudziwa, ndiye kuti kiyi wa nyumba yanu mwam'patsa mlendo.

Izi si zongoopseza. Mu 2021 akatswiri a kampani ya Kaspersky anapeza vairasi yotchedwa Triada m'kati mwa FMWhatsApp, ndipo mu 2022 anaipezanso mu YoWhatsApp, omwe ndi abale a GB WhatsApp opangidwa mwa njira yomweyi. Vairasi imeneyi inkatha kuwerenga mauthenga a SMS ndi kulembetsa mwini foni ku zinthu zolipira iye osadziwa. Taganizirani kuti foni yomweyo ndi imene imalandira manambala otsimikizira ochokera kubanki, ndiponso ndi imene mumalandirirapo ndalama za Airtel Money kapena Mpamba makasitomala akakulipirani. Palinso nkhani yachiwiri, yakuti malamulo a WhatsApp amaletsa mapulogalamu oterewa ndipo eni ake amatseka maakaunti a anthu owagwiritsa ntchito, nthawi zina kwa masiku, nthawi zina mpaka kalekale. Wophunzira akatsekeredwa akaunti amangotaya macheza, koma inu mungataye makasitomala onse amene amadziwa nambala imeneyo.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene anzanu akuzitama zilimo kale mu WhatsApp yeniyeni, kungoti anthu salowa m'gawo la Privacy kukaona. Kubisa kuti muli pa intaneti kunabwera mu 2022. Kukhala ndi maakaunti awiri pafoni imodzi kunabwera mu 2023, chaka chomwenso anayamba kulola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15 chiutumizireni, ndi kukhoma macheza ena ndi chidindo cha chala. Timizere tiwiri tabuluu tija mukhoza kutizimitsa, ngakhale kuti mukatero nanunso simudzaona ngati ena awerenga zanu. Pa malonda ngati anuwa, yoyenera ndi WhatsApp Business, imene ndi yaulere ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za zitenje pamodzi ndi mitengo yake. Chokhacho chimene simudzachipeza ndi kuwerenga zimene wina wafufuta, ndipo ine sindikuona kuti n'choyenera kuikira bizinesi yanu pachiswe. Ngati nkhawa yanu ndi kasitomala amene amavomera mtengo kenako n'kufufuta uthengawo, muzimuyankha pobwereza mtengowo ndi mawu anu, chifukwa uthenga umene mwalemba inu sangaufufute m'foni mwanu. Musaiwalenso kuika nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene imapezeka pa Two-step verification.

FUNSO: M'gulu la kwaya yathu mwabwera uthenga woti tikatsegula linki n'kuutumiza kwa anthu 20 tilandira bandulo yaulere. Ndi zoona? — Wophunzira, Zomba

YANKHO: Ayi, mwananga, si zoona. Kampani ya mafoni imadziwa kale nambala yako ndipo ikafuna kukupatsa mphatso imangoika m'foni mwako, popanda kukutuma kuti uvutitse anthu 20. Eni malinki amenewa amapeza ndalama ndi zotsatsa malonda zimene umaona ukatsegula, ndipo ena amafuna nambala yako kapena nambala yako yachinsinsi. Uwauze amene amayang'anira gululo kuti aufufute.

FUNSO: A Mkonzi, ndili ndi laputopu ya kaunjika imene ndimalemberapo mayeso ndi malipoti a ana asukulu. Ili ndi Windows 10, ndipo ndamva kuti Windows imeneyi inatha ntchito. Kodi laputopuyi isiya kuyaka? Ndalama yogulira ina ndilibe. — Mphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, laputopu yanu ipitiriza kuyaka, Word itsegukabe, ndipo malipoti anu sapita kulikonse. Chimene chinachitika n'chakuti pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza kwa anthu onse zigamba zotseka mipata imene akuba amapeza mu Windows 10, imene inatuluka mu Julayi 2015. Zili ngati nyumba imene mmisiri wasiya kubwera kudzamata ming'alu. Siigwa lero, koma mng'alu uliwonse watsopano umakhala chitsegukire. Kuopsa kwake kunaoneka mu Meyi 2017, pamene vairasi ya WannaCry inalowa m'makompyuta amene anali asanalandire chigamba, n'kukhoma mafayilo ndi kusokoneza ntchito m'zipatala za boma ku Britain. Microsoft inatsegula ndondomeko yotchedwa ESU yoti anthu wamba alandirebe zigambazo kwa kanthawi kena, ndipo ngati laputopu yanu ili yoyenera komanso nthawiyo isanathe, polembetsera pamaoneka mu Windows Update.

Ambiri angakuuzeni kuti mungoika Windows 11, imene inatuluka mu 2021, koma iyo imasankha makina. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa makina a Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Kuti mudziwe m'badwo wa yanu, onani nambala imene imatsatira i3, i5 kapena i7 pa dzina la purosesayo. Ikakhala ngati i5-8250U, ndiye kuti ndi ya m'badwo wa 8 ndipo mwayi ulipo, koma ikakhala i5-4300U kapena i5-6200U, monga zilili ndi malaputopu ambiri akale ochokera m'maofesi a kunja, Windows 11 ikana. Okonza makompyuta ena amaikakamiza kulowa ndipo imayenda, koma Microsoft inanena kale kuti silonjeza kutumiza zigamba ku makina otere.

Ine ndimaona kuti kwa mphunzitsi amene laputopu yake siilowa pa intaneti kawirikawiri, mdani wamkulu ndi fulashi imene imazungulira m'mashopu osindikizira mapepala n'kubwerako mafoda onse atasanduka mashotikati chifukwa cha vairasi. Muzisunga mayeso anu m'malo awiri, ndipo muzikhala ndi fulashi yapadera yopita nayo kosindikiza imene mulibe china koma fayilo ya tsikulo. Za kubanki muzichitira pafoni osati pa laputopuyo.

Ngati mukufuna njira yokhalitsa popanda kugula makina ena, yesani Linux, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mawu omwe aja amene ife timati umunthu. Kwa munthu wozolowera Windows, Linux Mint ndi yosavuta kwambiri chifukwa maonekedwe ake ndi ofanana ndi amene mukuwadziwa, ndipo imabwera ndi LibreOffice imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti matebulo ovuta nthawi zina amasuntha pang'ono. Ubwino wake n'ngwakuti mukhoza kuiyatsa kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse m'laputopumo. Mukatero, tsegulani lipoti lanu limodzi lokhala ndi matebulo a malikisi, muyese Wi-Fi, kenako mulumikize makina osindikizira a pasukulu panu, ndipo zitatuzi zikayenda bwino m'pamene mungamuuze wokonzayo kuti aiike mokhazikika.