Tikufuna kuthandiza ana awo, nanga akukayikiranji?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndili pa sukulu kuno ku United States, ndiye bungwe lina lomwe ndimathandizako mwaulere likufuna kukatsegula kalabu ya achinyamata kudera la eni nthaka, anthu aja analipo kuno azungu asanabwere. Ndalama zilipo, mipira ndi makompyuta zilipo koma akuluakulu akumeneko akungoti dikirani kaye, misonkhano yokhayokha. Vuto ndi chani poti ife cholinga chathu nchabwino? Wowerenga wanu, USA.

Yankho: Achimwene, musafulumire kuwatenga ngati anthu odana ndi chitukuko. Mawu oti tabwera kudzathandiza ana anu anawamvapo kale anthu amenewa ndipo zomwe zinatsatira sanaiwale. Mu 1879 ku Carlisle, Pennsylvania, msilikali wina Richard Henry Pratt anatsegula sukulu yogonera konko ya ana a eni nthaka, ana kuwachotsa kwa makolo, kuwameta tsitsi, kuwapatsa mayina achizungu, akangoyankhula chinenero chakwawo basi chilango. Sukulu zoterezi zinafalikira, ku Canada ana pafupifupi 150,000 anadutsamo ndipo zomaliza zatsekedwa m'ma 1990 momwemu, si kale ayi. Ana ena anafera konko. Ndiye agogo amene akukupanikizani ndi mafunso pamsonkhanowo mwina iwowo kapena mayi awo anaphunzira sukulu zimenezo.

Komanso pali lamulo. Boma la US limazindikira mitundu ya eni nthaka yoposa 570 ndipo uliwonse uli ndi ulamuliro wake, khonsolo yake, ina mpaka makhoti ndi apolisi ake. Mukufuna chilolezo cha khonsolo ya mtunduwo, osati kungowadziwitsa kuti tikubwera lolemba.

Taonani momwe inayambira kalabu yoyamba ya Boys & Girls Clubs, bungwe lalikulu la makalabu a achinyamata ku US, kudera la eni nthaka. Munali mu 1992 ku Pine Ridge, South Dakota, kwa anthu a mtundu wa Oglala Lakota. Mtsikana wawo SuAnne Big Crow, katswiri wa basketball, anamwalira pangozi ya galimoto ali ndi zaka 17, ndipo iyeyu ankalakalaka malo oti achinyamata azisonkhana popanda mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Mayi ake ndi anthu akomweko ndi amene anayambitsa malowo ndipo kalabuyo inapatsidwa dzina la mtsikanayo. Maganizo anachokera mkati, bungwe lalikulu linangobwera kudzagwirana nawo manja.

Kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani. Funsani kuti wotsogolera kalabu yanuyo adzakhala ndani, ngati ndi munthu wochokera kutali amene akatha zaka ziwiri azipita, ana adzazolowera kenako nkusiyidwa m'malere. Lembani ntchito anyamata ndi atsikana akomweko, akuluakulu muwapatse nthawi yophunzitsa chinenero, nyimbo, zovina ndi luso la manja, ndipo muziwalipira ndithu osamangoti zikomo agogo. Makompyuta anuwo ndi abwino koma madera ambiri otere ndi aakulu, nyumba zotalikana, ndiye popanda galimoto yotenga ana ndi kuwabweza komanso chakudya cha madzulo holo idzangokhala pululu.

Za ndalama nazo, mwati zilipo, za nthawi yaitali bwanji? Ku Canada komishoni yofufuza za sukulu zija inatulutsa mfundo 94 mu 2015 ndipo ya nambala 66 inapempha boma kuti mabungwe a achinyamata a m'madera azipatsidwa ndalama za zaka zingapo, osati kapulojekiti ka chaka chimodzi kongojambulira zithunzi.

Pamsonkhano wotsatirawo siyani kaye mapepala anu m'chikwama. Afunseni zomwe zilipo kale, mwina kuli timu ya mpira kapena gulu la ng'oma lomwe likungosowa holo ndi mafuta a galimoto, ndipo muwauze poyera zaka zomwe ndalama zanu zikhalepo komanso amene adzasainire ku banki.